Mafunso a Owerenga: Utoto Wolimba ndi Kuwala Wokutira Mabatire a Lithiamu

Makalata ambiri amene tinalandira mwezi uno anali okhudza mabatire, ndipo anayi mwa iwo, ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, akufunsa za chinthu chimodzi ngakhale kuti eni akewo sadziwana. Chinthucho ndi chovala chopyapyala chimene chimakuta selo ya batire (kachigawo kamodzi kosunga moto mwa tingapo timene timapanga batire) kunja kwake, pamodzi ndi zipangizo zina za m'katimo. Makalatawa tawafupikitsa pang'ono kuti malo akwane.

FUNSO: Akonzi, ine ndimakonza mafoni ndi malaputopu pa Chitakale, ndipo chiyambire mavuto a magetsi aja a mu 2022, makina a ku Kapichira ataonongeka ndi namondwe, ndakhala ndikumangiranso anthu mabatire a sola. Mwezi wathawu ndinaitanitsa maselo a lithiamu asanu ndi atatu, akuluakulu aja ooneka ngati njerwa. Anayi anabwera atakutidwa ndi pulasitiki ya buluu imene ndinaizolowera, koma anayi enawo alibe pulasitiki, ali ndi utoto wolimba, wosalala, umene ngakhale ndi chikhadabo sukanganuka. Wogulitsa anangondiuza kuti ndi UV coating. Kodi chimenechi n'chiyani? Ngati ndi penti chabe, bwanji sangomuwotcha mu uvuni monga amachitira ndi mafulemu a njinga? Nanga ndingathe kugundanitsa maselowa popanda kuika kanthu pakati? Ndine mmisiri wa pa Chitakale, ku Mulanje.

YANKHO: Bambo, wogulitsayo sanakunamizeni, kungoti anakupatsani dzina osakupatsani tanthauzo lake. Tiyambe ndi chifukwa chimene selo imafunira chovala. Chitini cha maselo ooneka ngati njerwawo ndi cha aluminiyamu, ndipo aluminiyamu amadutsitsa magetsi bwino kwambiri, moti mawaya ambiri a pamapolo ndi a chitsulo chomwechi. Anthu ambiri amaganiza kuti magetsi a selo ali pa timitu tiwiri ta pamwamba pokha, koma mutapeza malo pamene chitini chili poyera, n'kuika mita yanu pakati pa malowo ndi mutu wa negative, m'maselo ambiri a mtundu umenewu mudzaona mita ikuwerenga kanthu. Selo imodzi ya LFP, mtundu wa lithiamu wopezeka m'mabatire ambiri a sola, imapereka mavolti 3.2, ndipo mukalumikiza maselo anayi motsatizana kuti mupeze mavolti 12.8, chitini chilichonse chimakhala pa mlingo wakewake wa magetsi. Zitini ziwiri zikakhudzana chitsulo ndi chitsulo, magetsi amapeza njira yachidule imene simunawakonzere. Nthawi zina zimangothera pa selo imodzi kumatha moto msanga kuposa anzake popanda chifukwa chooneka, koma nthawi zina imakhala shoti yeniyeni. M'galimoto zoyendera magetsi, mmene maselo amakhala mazanamazana ndipo mphamvu yake imafika mavolti 400 kapena 800, kabowo kamodzi kochepa ngati nsonga ya singano kakhoza kuika moyo wa munthu pachiswe. Inu okonza mafoni mukukumbukira za Galaxy Note 7 ya mu 2016, foni ija imene mabatire ake ankayaka moto. Chimodzi mwa zimene kampani ya Samsung inalengeza itafufuza chinali chakuti m'mabatire ena munalibe katepi kotchinga magetsi, kanthu kosakwana ngakhale tambala pa mtengo wa foni yonseyo.

Pulasitiki ya buluu imene munaizolowerayo ndi PET, mtundu womwewo umene amapangira mabotolo a madzi akumwa, ndipo kumbuyo kwake kuli guluu. Yagwira ntchito zaka zambiri ndipo si yoipa ayi. Vuto lake ndi la chinthu chilichonse chochita kumata: m'makona imapindidwa ngati pepala lokutira buku la mwana wa sukulu, pansi pake pamatsalira timatuza ta mpweya, ndipo guluu akakalamba pamalo otentha, m'mphepete mumayamba kumatuka. Chimene chinakankha mafakitale kuti afunefune njira ina ndi kamangidwe katsopano ka mabatire a galimoto, kamene maselo sayamba aikidwa m'timabokosi ting'onoting'ono monga kale, koma amamatidwa mwachindunji ku bokosi lalikulu ndi guluu wamphamvu. Guluu wamphamvuyo akagwira pulasitiki, ndiye kuti chimene chagwirizira selo yolemerayo pamsewu wa mabampu ndi guluu wofooka uja wa kumbuyo kwa pulasitiki. Utoto wogwira chitsulo chenichenicho umathetsa vuto limeneli.

Funso lanu la uvuni ndi limene lili pamtima pa nkhani yonseyi. Penti wa ufa amene amapaka mafulemu a njinga ndi mabokosi a magetsi ndi wolimba ndithu, ndipo wina amatchinga magetsi bwino, koma kuti asungunuke n'kugwira amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 160 mpaka 200 kwa mphindi khumi kapena kuposerapo. Fulemu ya njinga ilibe nazo kanthu zimenezo, koma selo ya lithiamu singapirire. Opanga maselo ambiri amalemba kuti selo isapitirire madigiri 60 pogwira ntchito, ndipo potchaja malire ake nthawi zambiri amakhala otsikirapo. Kutentha kukayandikira madigiri 100, kakhungu kopyapyala kamene kamateteza mbali ya negative m'kati mwa selo kamayamba kuphwasuka, ndipo kuphwasukako kumatulutsanso kutentha kwina. Cha pa madigiri 130 mpaka 135, kapepala ka polyethylene kolekanitsa positive ndi negative kamasungunuka, pamene ka polypropylene kamalimbako mpaka cha pa 165. Madzi amene ali m'katimo si asidi wa m'batire lakale la galimoto lija, koma mankhwala oyaka moto. Ndiye mukuona kuti pamene penti wa ufa akungoyamba kumene kugwira, selo imakhala itadutsa kale pamene imafera.

Mwina mufunsa kuti bwanji osapenta chitini chisanaikidwe kanthu. Ena amatero, koma chitini chopentedwa kale chimayenera kudutsa m'makina ambiri, kuwotcheredwa chivundikiro, kuthiridwa mankhwala ndi kuyesedwa kwa masiku angapo, ndipo m'njira monsemo chimakandika, pamene mzere wowotcherera chivundikirowo umatsala pamtunda. Chimene fakitale imafuna ndi kuveka selo pomalizira penipeni, itatha kale ndipo ili ndi moto wake m'kati. Apa m'pamene kuwala kunalowera.

Mawu amene amatisokoneza m'Chichewa ndi akuti kuuma. Penti wamba amauma chifukwa thina kapena madzi amene anasungunulira amauluka, n'chifukwa chake m'chipinda chopentedwa kumene mumanunkha masiku awiri kapena atatu, ndipo nthawi ya chiperoni khoma limachedwa kuuma. Utoto wa UV suuma mwa njira imeneyo, umachita kulimba. Mbali yake yaikulu ndi tizidutswa ta pulasitiki tatifupitifupi totchedwa oligomer, timene timapatsa utotowo kulimba ndi kupindika kwake. Kuti uthe kupoperedwa amausungunula ndi madzimadzi otchedwa monomer, koma amenewa sauluka ngati thina, amatsala momwemo n'kukhala mbali ya utoto womalizidwawo. Mwini ntchito weniweni, ngakhale kuti amakhala wochepa kwambiri, ndi mankhwala otchedwa photoinitiator. Mankhwala amenewa amangokhala phee malinga ali mumdima, koma kuwala kwa UV, kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumapezekanso m'dzuwa, kukawagwera amasweka, ndipo zidutswa zakezo zimayamba kulumikiza tizidutswa tina tija, kamodzi kukoka kanzake, mpaka madzi onse aja atasanduka ukonde umodzi wolukanalukana. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa chabe. Aliyense amene anamatitsapo dzino n'kuona dokotala akuwalitsa kanyali ka buluu m'kamwa anaiona kale ntchitoyi, ngakhale kuti pamenepo kuwala kwake ndi kooneka ndi maso.

Nzeruyi si yachilendo. Kuwala kwa UV kunatulukiridwa ndi Johann Ritter wa ku Germany mu 1801, ndipo kulimbitsa utoto ndi kuwalaku kunayamba m'mafakitale a matabwa cha m'zaka za m'ma 1960, batire la lithiamu la mtundu umene tikugwiritsa ntchito lerowu lisanafike n'komwe pamsika, popeza kampani ya Sony inayamba kuligulitsa mu 1991. Chimene chasintha kwambiri ndi nyali. Nyali zakale za UV zinali za mercury, ndipo pamodzi ndi kuwala kofunikako zimaponyanso kutentha kwambiri, kofanana ndi kumene mumamva pankhope mukayandikira mbaula. Nyali za LED zimatulutsa kuwala kwa mlingo umodzi wosankhidwa, umene amauyeza m'ma nanometer, kawirikawiri 365, 385, 395 kapena 405, ndipo kutentha kwake kwambiri kumatulukira kumbuyo, kumene amakuziziritsa ndi madzi kapena mphepo, osati kutsogolo kumene kuli selo. Utotowo nawonso umatentha pang'ono pamene ukulimba, koma poti kuchindikala kwake kumangokhala cha pa gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ngati tsitsi limodzi lonenepa, chitini cha aluminiyamu chimamwa kutenthako za m'kati zisanakumve.

Chimene chinagonjetsa chikhadabo chanu si utoto wokha, komanso ntchito imene inachitika utotowo usanapakidwe. Aluminiyamu wochokera m'makina amakhala ndi mafuta, ndipo pa chitsulo chamafuta palibe utoto umene umagwira, choncho chitini amayamba achiyeretsa ndi kuwala kwamphamvu kwa laser kapena mpweya wa magetsi wotchedwa plasma. Kenako amapopera, kapena amasindikiza ndi makina ofanana ndi pulinta ya inki, amene amadziwa kulambalala timitu ta magetsi, pamalo potulukira mpweya pa ngozi, ndi kachizindikiro ka QR. Nthawi zambiri amapaka kawiri, kuti kabowo kotsala pa ulendo woyamba katsekeke pa wachiwiri. Pomaliza chovalacho chimayesedwa ndi magetsi a mavolti masauzande angapo, ndipo maselo ena amawacheka timizere topingasa ndi mpeni n'kumatapo tepi, kuona ngati utoto ungatsatire tepiyo poimatula.

Musatengeke nayo kwambiri njirayi, chifukwa ilinso ndi pofookera pake. Pamene kuwala sikunafike, utoto sulimba. Mtundu umene amathira kuti utoto uoneke wa buluu kapena wakuda umatchinganso kuwala, moti utoto wopakidwa mochindikala ukhoza kulimba pamwamba pokha, pansi pake pali phala. M'makona akuthwa utoto umakonda kuthawa n'kutsala wopyapyala, chikhalirecho m'makona momwemo ndi mmene selo imagundira zinthu. Ndiponso, chimene chikukhudza inu amisiri, pulasitiki ikang'ambika mukhoza kuimatula n'kumata ina, koma utoto ukagumuka simungaubwezeretse mmene unalili. Mungangotsekapo ndi tepi yotchinga magetsi yosamva kutentha, monga ya Kapton imene muli nayo kale patebulo lanu lokonzera mafoni.

Kwa batire la sola lokhala pakona m'nyumba, losagwedezeka, ife sitikuona kuti pulasitiki ya buluu ndi yotsika kwenikweni, ndipo sitingakulangizeni kuonjezera ndalama chifukwa cha utoto wokha. Ubwino umodzi umene tingautchule chapambali ndi wakuti amalonda osakhulupirika amatha kutenga maselo akale n'kuwaveka pulasitiki yatsopano kuti aoneke ngati a lero, pamene utoto wa kufakitale ndi wovuta kuutsanzira kuseri kwa shopu. Koma chimene chatidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi china. Maselo asanu ndi atatu obwera ndi zovala ziwiri zosiyana ndiye kuti sanapangidwe pamodzi, mwinanso si a fakitale imodzi. Musanawalumikize m'batire limodzi, yesani selo iliyonse payokha kuti muone kuchuluka kwa moto umene ikusunga, ndipo ngati asiyana, mangani mabatire awiri a mavolti 12.8, anayi a pulasitiki paokha ndi anayi a utoto paokha.

Pa funso lanu lomaliza, yankho ndi ayi. Maselo amenewa amatupa pang'ono akadzaza ndipo amaphwa akatha moto, tsiku ndi tsiku kwa zaka, ndipo kukhulana kumeneko kumadya chovala chilichonse. Ikani kabolodi kopyapyala ka epoxy kapena pepala lolimba lotchinga magetsi pakati pa selo ndi selo, pansi pake, ndi m'mbali mwa bokosi ngati bokosilo ndi lachitsulo.

FUNSO: Ndili ndi saluni ku Luchenza ndipo ndimapaka makasitomala jelo ya m'zikhadabo, ija yolimba akaika dzanja m'kanyali. Mlongo wanga amaphwasula mabatire a malaputopu akale n'kutengamo timaselo tozungulira topangira matochi ndi ma power bank. Timaselo tambiri timang'ambika kapulasitiki potichotsa, ndiye iye akundivutitsa kuti ndimubwereke jelo ndi kanyali azimatira pong'ambikapo, ati anamva kuti mafakitale akuchita zomwezo. Kodi ndimupatse? Ndine mayi wa ku Luchenza.

YANKHO: Mayi, alongo anuwo anamva zoona, koma anangomva theka. Jelo yanu ndi utoto wa m'mafakitale ndi pachibale ndithu: jeloyo ndi utoto wambiri wa mtunduwu ndi za banja la acrylate, zonse zili ndi photoinitiator, ndipo kanyali kanu kamatulutsa kuwala kwa mlingo womwewo wa pakati pa 365 ndi 405. Ndipotu inu mumadziwa zinthu ziwiri za utoto umenewu zimene amisiri ambiri a magetsi sazidziwa. Kasitomala akafuula kuti chala chikupsa n'kusolola dzanja m'kanyali, makamaka mukapaka jelo yochindikala, chimene chikumuwotcha si babu ayi, ndi kutentha kumene jelo imatulutsa yokha pamene ikulimba. Ndipo kaulimbo kaja kotsala pamwamba, kamene mumapukuta ndi thonje la sipiriti, ndi jelo imene mpweya wa oxygen unailepheretsa kulimba. Mafakitale amalimbana ndi mavuto awiri omwewa.

Koma jelo ya zikhadabo inapangidwa kuti igwire chikhadabo kwa masabata awiri kapena atatu kenako ichoke, osati kuti igwire chitsulo kwa zaka, ndipo pa botolo lake simudzapeza polembedwa kuti imatchinga mavolti angati. Timaselo ta alongo anuto ndi ta mtundu wa 18650, dzina limene limangonena kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba mwake ndi 65 m'litali. Choopsa chake n'chakuti chitini chonse, kuyambira pansi, m'mbali, mpaka m'mphepete mwa pamwamba, ndi negative, pamene positive ndi kabatani kapakati kokha, ndipo mpata wolekanitsa ziwirizi ndi wochepa ngati kamtengo ka machesi. Kapulasitiki kakang'ambika paphewa pamenepo, kachitsulo kolumikizira, kiyi wa m'thumba, ngakhale ndalama yachitsulo, zikhoza kugwira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo selo yodzaza ikachita shoti imatentha koopsa m'kanthawi kochepa.

Paphewa pomwepo ndi pamene jelo ingalepherenso kwambiri, chifukwa pali kangalande kozungulira ndi timipata tolowera pansi pa kabatani. Jelo yolowa mmenemo kuwala sikungaifike, choncho idzakhala yamadzimadzi mpaka kalekale, pamene imene yalimba ikhoza kutseka timabowo timene selo imatulutsira mpweya ikatentha mopitirira muyeso. Selo yotsekedwa popumira ndi yoopsa kuposa yong'ambika.

Chimene angabwereke kwa inu ndi dulaya ya tsitsi, kanyali kasiyeni pamalo pake. Njira yokonzera selo yong'ambika ndi kuivula kapulasitiki konse ndi zala, osati ndi mpeni, kubwezera kamphete kotchinga magetsi kamene kamakhala pamwamba, n'kuiveka kathumba katsopano ka PVC kofota ndi mpweya wotentha. Timathumbati ndi totchipa ndipo timagulitsidwa tambirimbiri pamodzi. Mungadabwe kuti pamwambapa taletsa kutentha koma pano tikuloleza dulaya. Kusiyana kwake kuli pa nthawi, chifukwa mpweya wotentha wa masekondi ochepa, selo ikutembenuzidwa m'manja, umafotetsa kapulasitiki kutentha kusanalowe m'kati, pamene uvuni umaphika chinthu chonse mpaka pakati. Kandulo, machesi kapena mbaula asayerekeze n'komwe. Asayerekezenso kuyanika maselo padzuwa kuti jelo ilimbe. N'zoona kuti dzuwa lili ndi UV ndipo lingathe kuilimbitsa, koma mukudziwa mmene chitsulo chosiyidwa panja mu Okutobala chimatenthera.

Selo yobonyoka, yadzimbiri, yotulutsa fungo lotsekemera ngati la mankhwala, kapena imene mita ikuonetsa kuti yatsika pansi pa mavolti 2, asaiveke chovala chatsopano ayi. Aimate tepi mbali zonse ziwiri n'kuiika padera, kutali ndi dzenje la zinyalala limene amayatsa moto. Kwa inu eni, jelo yosalimba ikamakhudza khungu kawirikawiri imatha kuyambitsa ziwengo zimene sizitherapo, choncho magolovesi musamawaone ngati mwambo chabe.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Makwasa, ndipo kunyumba tili ndi sola ya batire la lithiamu. Chaka chatha mu Juni batireli linayamba kumazima lokha usiku n'kumadzuka dzuwa likakwera. Mmisiri atalitsegula anationetsa kabolodi ka m'kati katachita zobiriwira ndi zoyera ngati mchere pa timiyendo ta zipangizo. Anakatsuka n'kunena kuti pafunika vanishi wa UV. Kodi vanishi wa matabwa amene ndili naye sangachite?

YANKHO: Aphunzitsi, mmisiri wanuyo akuoneka kuti ntchito yake amaidziwa, ndipo mwezi umene mwatchulawo ndi umene ukuulula wolakwa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yaikulu kudzera ku Mozambique imabweretsa chiperoni, dzina limene linachokera ku phiri la Chiperone la m'dzikomo. Chifunga chimene chimathandiza tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje kukhalabe wobiriwira mvula itasiya ndi chomwecho chimene chimalowa m'bokosi la batire. Usiku kabolodi kakazizira, chinyezi chimasanduka mame pamenepo, mamewo amasungunula fumbi ndi zotsalira za kuwotcherera, ndipo madzi akudawo amadutsitsa magetsi pakati pa timiyendo toyandikana kwambiri. Kabolodi kameneka, kotchedwa BMS, ntchito yake ndi kuyeza selo iliyonse mpaka pa kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a volti, ndipo kakawerenga molakwika kamazimitsa batire lonse poganiza kuti pali ngozi. Dzuwa likakwera mame amauma, batire n'kudzuka. Zobiriwira zimene munaonazo ndi mkuwa wodyeka. Tikupemphani chabe kuti mutsimikizenso chinthu chimodzi chophweka, chifukwa masiku a chiperoni dzuwa limabisala ndipo sola satchaja mokwanira, ndiye batire likhozanso kuzima usiku chifukwa latha moto basi.

Chovala chimene akunenacho amachitcha conformal coating, utoto woonekera m'kati, wopyapyala ngati tsitsi, wotsatira maonekedwe a kachipangizo kalikonse. Ulipo wa acrylic, wa silicone, wa urethane, komanso wolimba ndi UV. Mafakitale amakonda wa UV chifukwa kabolodi kamatuluka m'makina kali kogwirika kale m'malo modikira maola ambiri pashelefu, komanso chifukwa zipangizo zina za pamenepo sizifuna uvuni. Vuto la mthunzi lija pano limakula, popeza pansi pa kachipangizo kalikonse pali mdima, choncho utoto wabwino wa mtunduwu umapangidwa kuti ulimbe kawiri: wapoyera umalimba ndi kuwala nthawi yomweyo, ndipo wobisika umalimba pang'onopang'ono kwa masiku angapo pomwa chinyezi cha mumpweya, chinyezi chomwecho chimene utotowo wabwera kudzatchinga.

Pali kanjira kophweka kodziwira ngati kabolodi kanu kanakutidwa kufakitale. Utoto wambiri wa ntchito imeneyi amauthira mankhwala owala, ndiye mukabwereka katochi ka UV kaja koyezera ndalama zachinyengo n'kuwalitsa m'chipinda chamdima, pokutidwa paliponse padzawala buluu, ndipo podumphidwa padzakhala bii. Kuwalako sikutanthauza kuti utotowo ndi wolimba ndi UV, chifukwa wa acrylic nawonso umawala, kumangosonyeza pamene utoto wafika.

Vanishi wa matabwa musamupake. Sanapangidwe kuti akhale pa magetsi, amachedwa kuuma, amasweka akakalamba, ndipo tsiku lofuna kukonzanso kabolodiko mmisiri adzavutika kumuchotsa. Pa kabolodi kamodzi kokonzedwa pamanja, ife tingasankhe utoto wa acrylic wa m'chitini chopopera, chifukwa sufuna nyali, suopa mthunzi, ndipo umachoka mosavuta pofuna kuwotcherera kachiwiri. Utoto wobiriwira wa UV umene okonza mafoni amasunga m'kachubu ndi wabwino potseka kanjira kamodzi ka mkuwa kamene kadyeka, osati popaka kabolodi konse. Chachikulu ndi dongosolo lake: kabolodi kachotsedwe ku maselo, katsukidwe ndi sipiriti wotchedwa isopropyl alcohol, kaume kotheratu tsiku lopanda chifunga, ndipo mapulagi onse atsekedwe ndi tepi utoto usanapoperedwe. Kupaka utoto pa kabolodi konyowa ndi kukiyira wakuba m'nyumba. Zonsezi tikunena za chinyezi cha mumpweya. Batire limene linamira m'madzi ndi matope, monga zinachitikira katundu wambiri m'maboma athu ano pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi nkhani ina, chifukwa madzi amalowa m'malo amene utoto uliwonse sufika, ndipo loterolo siliyenera kutchajidwanso m'nyumba yogona anthu.

FUNSO: Ndili ndi okala ya malata pa Limbuli, ndipo mu Okutobala m'katimo mumachita ngati mu uvuni. Ndamva kuti maselo atsopano ali ndi insulation. Ndikagula amenewo, kodi batire langa lidzasiya kutentha?

YANKHO: Ayi, bambo. Liwu la Chingerezi limene mwatchulalo limanena zinthu ziwiri, kutchinga magetsi ndi kutchinga kutentha, ndipo utoto umene takambawu ndi wa choyambacho. Ndipotu opanga amayesetsa kuti ukhale wopyapyala, n'cholinga chakuti kutentha kwa m'selo kuzituluka mosavuta. Kuwala kwa UV kumapulumutsa selo ku kutentha tsiku limodzi lokha, tsiku lopakidwa utoto kufakitale, koma ikafika pa Limbuli, selo ya utoto ndi ya pulasitiki zimamva dzuwa mofanana. Maselo a lithiamu amakhalitsa pamalo a madigiri cha pa 20 mpaka 30, ndipo kutentha kopitirira pamenepo kwa miyezi yambiri kumawakalambitsa msanga. Batire lanu lichotseni pashelefu ya pamwamba pafupi ndi denga, liikeni chapansi pa thabwa lokwera pang'ono, kumbali imene dzuwa la masana siligunda malata, musalifunditse thumba kapena chitenje poopa fumbi, ndipo siyani mpata wa chikhatho chimodzi mbali zonse kuti mphepo izidutsa.